Thabwa la Abednego Siligwiridwa

Mlamu wanga Abednego ndi munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ukamuponda phazi mu tekisi, wopepesa amakhala iyeyo. Ndiye ndikamauza anthu kuti munthu ameneyu anakalipira amalume athu a Maliki pakhomo pawo pomwe, anthu akuona, ena amati, "Maureen, bodza lakoli lakula msinkhu." Bodza la chiyani? Ndinalipo ine, utuchi unandilowa m'tsitsi ndi m'makutu momwe. Tsiku limenelo ukwati wa mkulu wanga Agnesi unatsala pang'ono kuthera pa thabwa, ankhoswe asanakumane n'komwe.

Koma tiyambe ndi mwini wakeyo. Pamaso pake ndimati alamu, kumbali kuno ndi Abednego basi, ndipo iye akudziwa. Kwawo ndi ku Dedza, cha kufupi ndi nkhalango ya Chongoni. Anakula akucheka matabwa padzenje ndi bambo ake: bambo pamwamba pa chipika, iye pansi m'dzenjemo, sowo yaitali ija ikukwera ndi kutsika, utuchi wonse ukuthera pamutu pake. Mpaka lero akamaganiza amatsinzina diso limodzi, ndiye ine ndimamuuza kuti utuchi wa ku Dedza sunatulukebe. Mitengo itayamba kusowa, ntchito nayo inathawa. Anagulitsa njinga, n'kukwera basi ya ku Joni ndi chikwama chimodzi ndi nambala ya foni ya mnzake wa kutchalitchi.

Anafikira ku Hillbrow, m'fulati ya pamwamba penipeni, chipinda chimodzi chogawidwa ndi makatani, moti ukayetsemula, wa kuseri kwa katani ndiye amapukuta mphuno. Ganyu yake yoyamba inali yotchetcha kapinga ku Fourways, kuja kuli nyumba za mipanda yamagetsi. Pafupi pamenepo ankamanga nyumba ina, ndipo tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro anamva kulira kwachilendo, ngati nkhumba yagwidwa miyendo. Anapita kukasuzumira. Anapeza mmisiri wina wa ku Chipata, dzina lawo a Chibwe, akudula matabwa ndi sowo yamagetsi, ija ya mpeni wozungulira wa mano m'mbali monse. Thabwa limene iye ndi bambo ake akanalikhetsera thukuta linkaduka munthu asanamalize kuyasamula. Abednego akuti anaiwala kudya tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo ankawasesera a Chibwe utuchi ndi kuwanyamulira matabwa popanda womutuma, mpaka anamutenga kuti azigwira nawo ntchito.

Tsiku limene anamulola kugwira sowo, anachita monga anazolowera kwawo. Anagoneka thabwa pa njerwa, mutu uku mutu uko, pakati pali mpata ngati padzenje, n'kuyamba kudula pakatipo. Atatsala pang'ono kumaliza, thabwa linapindikira pansi, mbali ziwiri zija zinapana mpeni, sowo inatuluka n'kulumphira m'mbuyo. Inadula nthambo yake yomwe, moto thetheee, malo onse zii. Mwayi wake unali woti inadutsa pambali. A Chibwe sanamutukwane. Anamukhazika pa njerwa zomwezo n'kumuuza kuti, "Iwe mwana wa ku Dedza, sowo ya padzenje ikapanika imaima, mumakhoma kamtengo mumpata n'kupitiriza. Iyi ikapanika siima. Imamenya theche, ndipo imamenya amene waigwira."

Mawu amenewo anamulowa m'mafupa. Patapita zaka, a Chibwe atagula sowo yatsopano, yakale ija anamusiyira iye. Eee, chimwemwe chake! Anandipempha ndimujambule pa foni akudula, kuti atumizire bambo ake kumudzi. Mkuluyo ataonera anangoyankha kuti, "Imeneyo si ntchito, ndi matsenga," koma akuti anazungulira nayo foniyo mudzi wonse.

Pano ali ndi shedi yake kuno ku Ivory Park, kuseri kwa malo amene ine ndimalukirapo anthu tsitsi. Amagula mapaleti otha ntchito, matabwa aja osanjikirapo katundu m'masitolo, n'kupanga mabedi, zitseko, mabenchi a m'tchalitchi ndi mitanda ya mikhukhu, nyumba zamalata zadzaza kunozi. Ndamuonerera mpaka ndaloweza. Thabwa lililonse amayamba walisisita kufuna misomali, chifukwa mano a sowo akagunda msomali ndiye theche lomwelo. Akafuna kukhudza mpeni amayamba wazula pulagi, ngakhale magetsi atazima m'dera lonse, akuti magetsi a ku Joni amabwera osagogoda. Mpeniwo amautsitsa pang'ono chabe, kuti mano angosuzumira kunsi kwa thabwa. Pali chivindikiro chimene chimatseka mano sowo ikangotuluka m'thabwa, ndipo amisiri ena amachimanga ndi waya kuti chisawachedwetse. Iye akaona zimenezo amagwira pakamwa ngati waona munthu akusamba pamsewu.

Ndiye kaimidwe kake! Saima kumbuyo kwa sowo, amaima pambali, manja onse awiri pa zogwirira, thabwa atalipana ndi kilampu pabenchi. Amaisiya ilire kaye mpaka mawu akhazikike isanakhudze thabwa, sakankha ndi mphamvu, ndipo akamaliza amadikira mpeni uime asanaiike pansi. Koma lamulo lake lalikulu, limene lamudanitsa ndi theka la Ivory Park, ndi ili: mbali ya thabwa imene ikuchotsedwa izilendewera kunja kwa benchi, igwe yokha, munthu asaigwire.

Apa m'pamene pali vuto, chifukwa ife Amalawi sitinaleredwe choncho. Kwathu ukaona munthu wasenza mtolo umati ndikulandireni. Ukapeza mnzako akupalira umagwira khasu ngakhale uli m'suti. Kuima manja lende wina akugwira ntchito ndi mwano. Ndiye aliyense wofika pashedi, akangoona thabwa likuyamba kuwerama, manja amapita okha kukalinyamula, mwaulemu ndithu. Koma ukalinyamula, mpata umene sowo yadula umatsekeka n'kupana mpeni. Abednego, poti sangathe kuuza mlendo kuti choka, anapeza nzeru. Wobwera aliyense amamugwiritsa kanthu: uyu tepi yoyezera, uyu pensulo, uyu kabotolo ka guluu. "Mundisungireko aka, musakaike pansi," amatero, nkhope osaseka. Ine anandigwiritsapo chitini cha misomali mpaka mkono unachita dzanzi, ndisanazindikire kuti wandimanga manja dala. Ndinamuthamangitsa ndi chipeso mpaka pamsewu.

Agnesi anakumana naye ku Fourways komweko. Mkulu wangayo amagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo Abednego anabwera ndi a Chibwe kudzakonza makabati a kukhitchini. Ludzu litamugwira, anayamba kupempha madzi m'Chingerezi chothyokathyoka, thukuta lili kamukamu. Agnesi anamusiya avutike kaye, kenako anati, "Madzi ndi awa achimwene, Chizungu chingakupheni." Munthu anamwa makapu angapo ludzu litatha kalekale. Makabati ajawo, a Chibwe akuti sanaonepo ntchito yochedwa kutha ngati imeneyo.

Zonse zinayenda bwino mpaka nkhani inafika kwa amalume. A Maliki ndi alongo awo a mayi athu, ndipo poti mayi ali ku Balaka, kuno ku Joni mwini mbumba ndi iwowo. Anabwera ali mnyamata kudzagwira ntchito m'migodi, n'kutchona. Ali ndi kanyumba ka boma ndi yadi kuseri, ndipo akakwiya Chichewa chimawathera, amayamba Chifanakalo cha kumgodi. Popanda iwo kuvomera palibe chinkhoswe. Ine ndinamuyesapo Agnesi kuti, "Kuno ndi ku Joni, anthu amangolowana basi." Anandiyang'ana moipa n'kunena kuti, "Amalume akakana, ine sindikwatiwa. Ndilira, koma sindilowa m'banja mozemba ngati wakuba." Mkulu wanga ndi wamanyazi, koma akanena wanena.

Amalume atamva za Abednego anati, "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Asatume ankhoswe ndisanaone manja ake. Kwathu mkamwini amalima munda wa apongozi. Kuno munda kulibe, ndiye andimangire chipinda kuseri kuno, mlongo wanga akadzabwera adzagonemo." Anawonjeza lamulo lina: mnyamata wofunsira mbeta asalankhule nawo maso ndi maso. Ngati ali ndi mawu, adutsire kwa Maureen.

Ine kukondwa! Chibadwire anthu akhala akundinena kuti ndimalongolola, lero pakamwa panga papeza ntchito yaulemu. Abednego yekha ndiye anali pa mpanipani. Lachisanu masana ndinamupeza pashedi akusintha mpeni, akuti mano obuntha amakakamira m'thabwa ndipo safuna manyazi kwa eni ake. "Alamu," anandifunsa, "kodi abambo aja ndi okonda kuthandiza?" Ndinaseka mpaka ndinatsamira chitseko. Amalume? Munthu amene amalanda dalaivala wa tekisi jeke tayala likaphulika? Abednego sanaseke nawo.

Loweruka ndinavala chitenje chatsopano. Abednego anafika m'mawa ndi kagalimoto ka hayala, ovolosi atachapa mpaka kusita, nkhope ili gwa ngati wopita kukalemba mayeso. Amalume anali atagula okha matabwa atsopano a paini, onunkhira, ndipo ankangowasisita. Aneba anadzaza pampanda. Amayi a ku Mozambiki oyandikana nawo nyumba anatulutsa mipando, wina anatsegula wailesi. Agnesi ankangotuluka ndi kulowa, kufunsa anthu ngati akufuna tiyi pamene makapu ali kale m'manja mwawo.

Abednego anaimika benchi yake, nthambo anaidutsitsa kumbuyo kuti isayandikire podulira, n'kudzanjuta pafupi ndi ine. Amalume anali chapomwepo, oti akanatha kumva ngakhale kupuma kwake.

"Alamu," anatero, maso ali pansi, "auzeni abambo kuti ndikamadula, mbali yotsalayo isagwiridwe. Igwe yokha. Ndayala thumba pansi kuti isade. Ikagwiridwa, sowo imabwerera kwa ine."

Ine ndinatembenuka n'kubwereza zonse, osasiya ngakhale liwu limodzi, mokweza kuti a pampanda amve nawo.

"Ayikona!" anakana amalume. "Muuze kuti mutu umodzi susenza denga. Ine ndagwirapo makina oboola thanthwe pansi pa nthaka iye asanabadwe. Kasowo aka kangandiopse? Ndikhale manja lende pakhomo panga, mlendo akundimangira nyumba?"

Ndinatembenukira kwa Abednego n'kubwerezanso zonse, ndi ayikona yemwe. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Iye anatsinzina diso lake lija, kenako anatulutsa tepi yoyezera m'thumba n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Apempheni abambo akhale oyeza. Ntchito yaikulu ndi imeneyo, siifuna maso achibwana ngati angawa."

Amalume anailandira tepi ija ngati apatsidwa makiyi a galimoto. Inu, ntchito inayenda! Amalume akuyeza n'kukuwa muyeso, ine ndikubwereza ngakhale Abednego wamva kale, iye akulemba mzere, n'kudikira amalume akhale pampando, kenako sowo n'kulira. Zidutswa zinkagwera pathumba, phu, phu. Dzuwa lisanafike paliwombo, mitanda ya makoma inali itaima. Amalume anagwedeza ngodya imodzi ndi mphamvu zawo zonse, koma osasuntha. Ndinawamva akung'ung'udza kuti, "Hmm, kali ndi manja," ndipo ndinathamanga kukanong'oneza Agnesi kukhitchini. Tinavina pamenepo mwakachetechete, titagwirana mapewa.

Kenako linafika thabwa la mtanda wa denga, lalitali ndi lokhuthala kuposa onse, limene amalume ankalinyadira kwambiri. Mbali yochotsa inali yokulirapo, yoti munthu n'kupangira kampando. Abednego analipana pabenchi, anavala magalasi, anayang'ana uku ndi uku. Amalume anali pampando, tepi ili pamiyendo. Anayatsa sowo. Maso ake anali pamzere, makutu atadzaza phokoso, ndiye sanaone zimene ine ndinaona. Mbali ija itayamba kuwerama, amalume anadzuka. Sindikhulupirira kuti anaganiza n'komwe. Anangoona thabwa lawo latsopano likupita pansi, manja anapita okha, analinyamula bwinobwino monga munthu woleredwa bwino. Ndinatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga mawu anachedwa.

Kulira kwa sowo kunasintha, kunakhala kubuula. Kenako gwaa! Inatuluka mumpata, inathamanga chambuyo pamwamba pa thabwa mano akukumba, n'kulumphira m'malere pambali pa ntchafu ya Abednego. Chala anali atachotsa kale pa swichi. Manja onse awiri anali chigwirire, chivindikiro chinatseka mano kuti khapa, ndipo mphamvu yake inamuzunguza mpaka anagunda mpanda ndi phewa. Agnesi anakuwa pakhomo, thireyi ya makapu pansi phwaa.

Ndipo munthu wofatsa uja anakankhira magalasi pamphumi, anayang'ana amalume m'maso n'kukuwa kuti, "Siyani thabwa! Chokani apo, inu! Ndinanena kuti lisagwiridwe! Mukufuna mundidule mwendo?"

Mayo ine! Wailesi ija sindikudziwa anaitseka ndani. Pabwalo panangoti zii. Amalume anasiya thabwa, anayang'ana Abednego kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anaponya tepi pansi, analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Amayi oyandikana aja anayamba kutola mipando yawo. Agnesi anakhala pansi pakati pa makapu osweka, chitenje kumaso.

Ine mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. "Alamu, mwapenga? Mwadya chiyani m'mawa uno? Mwakalipira mwini mbumba anthu akuona! Pitani mukagwade, mukanene kuti yalakwa ndi sowo, muwalole agwire chilichonse chimene akufuna, ngakhale mutu wanuwo!"

Iye anazula pulagi n'kukhala pabenchi. Manja anawapana pakati pa mawondo. "Alamu," anatero, "kukalipa ndalakwa, ndipo ndipepesa mmene angafunire. Agnesi ndimamukonda, Mulungu akudziwa. Koma kawauzeni abambo zonse ziwiri: ndapepesa, komanso thabwa siligwiridwa. Ndikawanamiza lero, adzagwiranso."

"Chachiwiricho ndingochitaya panjira, simungaone?"

"Mukachitaya ndiye simunanene mawu anga."

Ndinafuna kumuthira mbama. Ndinalowa m'nyumba. Amalume anali atakhala pabedi, chipewa atavula. Ndinagwada n'kunena zonse ziwiri, mawu anga okweza aja atathawa. Sanandiyang'ane n'komwe. "Mampara," anatero, ndiye kuti chitsiru m'chilankhulo cha kumgodi. "Muuze anyamule katundu wake. Mwana wa mlongo wanga sangapite kwa munthu wolalatira akuluakulu."

Kutuluka ndi mawu amenewo kunandiwawa kuposa kuzulidwa dzino. Ndinawanena ndikulira. Abednego anangogwedeza mutu n'kuyamba kukulunga nthambo pang'onopang'ono. Agnesi anadzuka, anapukuta misozi, n'kuima pakati pa khomo la amalume ndi bwenzi lake, osadziwa kolowera. Ndinamumvera chisoni mkulu wanga.

Abednego asanamasule kilampu, chitseko chinatseguka. Amalume anatuluka kudzaona ngati thabwa lawo laonongeka, ndipo ananena okha choncho, mokweza, kuti wina asaganize zina. Anawerama pabenchi. Pamwamba pa thabwa panali mabala a mano a sowo, akuya, ondondozana kuchokera podula paja mpaka m'mphepete, pamene panachita kubenthuka. Anaikamo chala, chikhadabo chonse chinabisika. Anatsatira mabalawo ndi chalacho mpaka pothera, n'kuyang'ana malo amene munthu akanakhala akanaima kumbuyo kwa sowo.

"Iwe," anatero amalume. "Ukanaima apa?"

Abednego anayang'ana ine, kuti ayankhire kwa ine monga mwa lamulo.

"Ndikufunsa iweyo. Maureen mleke, walankhula zokwana."

Abednego ananjuta. "Ikanalowa apa, bambo." Analoza m'kati mwa ntchafu, cha kumtunda. "Pamenepa pali mtsempha waukulu. Amene anandiphunzitsa ntchito amati ukaduka, munthu kawirikawiri safika kuchipatala."

"Nanga ine si ndangonyamula pang'ono chabe?"

Iye anatola tizidutswa tiwiri, anatigundanitsa mitu pabenchi, n'kupempha amalume aike chala pakati. Ananyamula kamodzi pang'ono, ndipo chala chinapanika. "Ndi mmene mpeni unapanikira, bambo. Ukapanika uku ukuzungulira, umafuna potulukira."

Amalume anachotsa chala n'kumachiyang'ana. Kenako anakhala pansi, padothi penipeni, munthu amene sindinawaonepo atakhala popanda mpando. Nkhope inali itatuwa. Anakodola Agnesi ndi dzanja.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero, "ndinatsala pang'ono kukuphera mwamuna ndi manja angawa. Ine ndimati ndikuthandiza. Ndachita mantha, mwana wanga, ndachita mantha kwambiri."

Anthu amene anali atayamba kuchoka anabwerera pampanda. Amalume anapukuta nkhope ndi chikhatho n'kutembenukira kwa Abednego, ukali ukubwerera pang'ono, poti a Maliki sangakhale ofewa nthawi yaitali.

"Koma mlandu ulipo. Wandikalipira pakhomo panga aneba akumva. Ulipira nkhuku, yamoyo, osati zouma ndi ayezi za m'sitolo zija. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Ukalipira, utume ankhoswe ako. Wakana kundinamiza mbeta ikukuchoka m'manja, ndiye mwanayu sudzamunamiza."

Nthungululu imene ndinaimba inamveka mpaka ku Tembisa! Amayi oyandikana aja anaponya mipando pansi n'kuyamba kuvina, wailesi inatsegulidwanso. Abednego anawomba m'manja kuthokoza, misozi ikutsetsereka m'utuchi wa m'masaya. Agnesi anaiwala kuti pali amalume. Anagwada m'dothi, anagwira ntchafu ya Abednego ndi manja awiri, n'kumaisisita ndi kuifinya, akulira uku akuseka, kufuna kutsimikiza kuti ilipo yonse. Amalume anatembenuza nkhope n'kumayang'ana malata a aneba, kenako anandituma kuti ndikawatengere chipewa m'nyumba.